Momwe mungalembere malongosoledwe a chida chowerengera msonkho wa VAT kuti ejenti wa AI achigwiritse ntchito moyenera

Pulogalamu yowerengera msonkho wa VAT si yovuta kulemba, pakuti masamu ake ndi kuchulukitsa ndi kugawa basi, koma kuilongosola m'njira yoti ejenti wa AI aigwiritse ntchito popanda kusokoneza ndiye ntchito imene imafuna kufatsa. Ejenti amene tikunena pano ndi pulogalamu yozikidwa pa modelo ya chilankhulo, monga Claude kapena ChatGPT, amene amalandira pempho la munthu, n'kusankha yekha chida choti aitane, n'kulembamo yekha manambala ofunika, kenako n'kubweretsa yankho kwa munthuyo. Mlembi wa chida ayenera kudziwa msanga kuti ejentiyu saona khodi imene ili m'kati mwa chidacho. Mu dongosolo la Model Context Protocol, lomwe kampani ya Anthropic inatulutsa mu Novembala 2024, ejenti amapempha mndandanda wa zida kudzera pa `tools/list`, ndipo pa chida chilichonse amalandira dzina, malongosoledwe, ndi `inputSchema` yolembedwa mwa JSON Schema, yomwe imatchula magawo oti adzazidwe. Njira zina zolumikizira zida ku mamodelo zimatsata kamangidwe kofanana ndi aka. Zimene mwalemba pa malo atatuwa ndiye zonse zimene ejenti akudziwa za chida chanu.

Ejenti ali ngati kalaliki watsopano wanzeru kwambiri koma wosakonda kufunsa, amene akapatsidwa fomu yokhala ndi mipata yosadziwika bwino amangodzazamo zimene akuziona kuti n'zomveka. Pa nkhani ya msonkho khalidweli n'loopsa, chifukwa yankho lolakwika silioneka kuti n'lolakwika: limatuluka ndi manambala aukhondo, n'kulowa mu invoisi, n'kukaonekera patapita miyezi pamene akaunti yakana kugwirizana. Choncho cholinga chachikulu cha malongosoledwe anu chikhale kutseka mipata yonse imene ejenti angaidzaze mongoganizira, komanso kumuuza mosabisa nthawi imene ayenera kuima n'kufunsa munthu. Zitsanzo za m'munsimu zatengedwa makamaka ku msonkho wa ku Britain, womwe umatoleredwa ndi bungwe la HMRC, chifukwa milingo yake yasinthasintha m'njira zimene zikuonetsa bwino pamene pamagona mavuto.

Dzina ndi chiganizo choyamba

Dzina likhale lonena ntchito imodzi, monga `calculate_vat`, osati `tax_tool` kapena `helper`, popeza ejenti amatha kukhala ndi zida zambirimbiri pamaso pake ndipo amasankha potengera dzina ndi mawu oyambirira a malongosoledwe. Ngati pulogalamu yanu imachitanso ntchito ina, monga kutsimikiza nambala ya VAT ya kampani, ntchito imeneyo ikhale chida chapadera chokhala ndi dzina lakelake. Chiganizo choyamba chinene chimene chida chimachita ndi maiko amene chimawadziwa, ndipo chachiwiri chinene chimene sichichita. Alembi ambiri amadumpha chachiwirichi poganiza kuti n'chodziwikiratu, pamene ndicho chimateteza kuti ejenti asaitane chida cha VAT powerengera msonkho wa malonda wa ku United States, dziko lomwe lilibe VAT, kapena powerengera msonkho wa kasitomu wolipiridwa pachipata.

Mtengo wophatikiza msonkho ndi wosaphatikiza

Pano m'pamene pamachitika zolakwika zambiri, ndipo m'poyenera kuwonongerapo mawu. Munthu akauza ejenti kuti awerengere VAT pa mapaundi 120, pempholo lili ndi mayankho awiri olondola. Ngati mapaundi 120 ndi mtengo usanaikidwe msonkho, ndiye kuti pa mlingo wa 20 peresenti msonkho ndi mapaundi 24 ndipo zonse pamodzi ndi mapaundi 144. Ngati mapaundi 120 ndi mtengo wophatikiza kale msonkho, ndiye kuti msonkho ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mtengowo, omwe ndi mapaundi 20, ndipo mtengo weniweni wa katundu ndi mapaundi 100. Ku South Africa, komwe mlingo ndi 15 peresenti, msonkho wobisika mu mtengo wa marandi 1,150 umapezeka pochulukitsa ndi 15 n'kugawa ndi 115, ndipo umakwana marandi 150. Pa mlingo wa 16.5 peresenti, womwe bungwe la MRA linagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri ku Malawi, gawolo ndi 33 pa 233, nambala imene palibe angaiwerengere pamtima molondola.

Musalembe gawo lotchedwa `amount` lokha n'kusiya kuti chida chiziganiza kuti mtengowo ulibe msonkho pokhapokha chitauzidwa mwina. Ikani gawo lachiwiri, monga `amount_type`, lolola mawu awiri okha, `net` (mtengo wopanda msonkho) ndi `gross` (mtengo wophatikiza msonkho), pogwiritsa ntchito `enum`, yomwe ndi mndandanda wa mawu ololedwa, ndipo gawoli likhale pa mndandanda wa `required`, wa magawo oyenera kudzazidwa nthawi zonse, lopanda yankho loikidwiratu. Yankho loikidwiratu limaoneka ngati chifundo kwa wogwiritsa ntchito, koma kwa ejenti ndi chilolezo chakuti asaganizirenso za funsolo. M'malongosoledwe a gawoli lembani momveka kuti ngati munthu sananene kuti mtengo uli ndi msonkho kapena ayi, ejenti afunse asanaitane chida. Mukhoza kuwonjezera chidziwitso chomuthandiza kufunsa mwanzeru, chakuti ku Britain mitengo yolembedwa m'masitolo kwa ogula wamba imakhala yophatikiza kale VAT pamene mitengo imene makampani amapatsana kawirikawiri imakhala yosaphatikiza, koma nenaninso kuti ichi ndi chizolowezi chabe chimene sichilowa m'malo mwa kufunsa.

Nenaninso kalembedwe ka nambalayo. Makompyuta ambiri amasunga manambala okhala ndi kadontho m'njira imene imachititsa kuti 0.1 kuphatikiza 0.2 ipereke 0.30000000000000004, ndipo n'chifukwa chake ndalama zimayenera kulembedwa ngati mawu, mwachitsanzo `"120.00"`, kapena ngati nambala yathunthu ya mapeni, mwachitsanzo `12000`. Njira zonse ziwiri n'zabwino malinga ngati mwasankha imodzi n'kuilemba pamodzi ndi chitsanzo, pakuti ejenti amene sanauzidwe akhoza kutumiza 120 ku chida choyembekezera mapeni, n'kulandira msonkho wowerengedwa pa mtengo wa paundi imodzi ndi mapeni 20 basi. Tchulani kuti zizindikiro za koma (,) zolekanitsa masauzande ndi zizindikiro za ndalama n'zosaloledwa.

Tsiku limene msonkho umawerengedwera

Milingo ya VAT imasintha, ndipo chida chimene sichifunsa tsiku chimapereka yankho lolondola pa malonda a lero okha. Ku Britain mlingo waukulu unali 17.5 peresenti, unatsika kufika pa 15 peresenti kuyambira pa 1 Disembala 2008, unabwerera pa 17.5 pa 1 Januwale 2010, kenako unakwera kufika pa 20 peresenti pa 4 Januwale 2011. Pa nthawi ya mliri wa Covid-19, mahotela ndi malo odyera analipiritsa 5 peresenti kuyambira pa 15 Julayi 2020, kenako 12.5 peresenti kuyambira pa 1 Okutobala 2021, ndipo anabwerera pa 20 peresenti pa 1 Epulo 2022. Ejenti amene akuthandiza munthu kukonza mabuku a chaka chakale akufunika mlingo wa tsiku la malondawo.

Choncho ikani gawo la tsiku, lolembedwa motsata ISO 8601, monga `2021-11-05`, ndipo longosolani kuti ndi tsiku liti. Malamulo a ku Britain amati kwenikweni msonkho umagwa pa tsiku limene katundu waperekedwa kapena ntchito yatsirizidwa, koma ngati invoisi yatuluka kapena ndalama zalipiridwa tsikulo lisanafike, tsiku loyambiriralo ndilo limagwira ntchito, ndipo ngati invoisi yatuluka pasanathe masiku 14 katundu ataperekedwa, nthawi zambiri tsiku la invoisi ndilo limatengedwa. Simukuyenera kulemba lamulo lonse m'malongosoledwe, koma ziganizo ziwiri zonena izi zimathandiza ejenti kudziwa tsiku loti afunse. Lembaninso kuti ejenti asaike tsiku la lero mongoganiza, pakuti modelo payokha sidziwa tsiku ngati sinauzidwe.

Pali chifukwa china chimene tsiku ndi mlingo ziyenera kukhala m'manja mwa chida, osati mwa ejenti. Modelo inaphunzira kuchokera ku zolembedwa zambirimbiri, kuphatikizapo nkhani za milingo imene inalengezedwa koma sinayambe kugwira ntchito. Mu Malichi 2025 nduna ya zachuma ya ku South Africa, a Enoch Godongwana, inalengeza kuti VAT ikwera kufika pa 15.5 peresenti kuyambira pa 1 Meyi, koma kumapeto kwa Epulo ganizolo linathetsedwa ndipo mlingo unakhalabe pa 15 peresenti, pomwe unali kuchokera pa 1 Epulo 2018. Modelo imene inawerenga nkhani za mu Malichi ikhoza kukhulupirira kuti mlingo ndi 15.5. N'chifukwa chake n'kwabwino kuti chida chisakhale ndi gawo loti ejenti alembemo peresenti yekha, ndipo malongosoledwe anene kuti mlingo umene chida chabweza ndiwo woti utsatidwe ngakhale utasiyana ndi umene ejenti akukumbukira.

Gulu la katundu

Chida chowerengera sichingadziwe ngati katundu akugwa pa mlingo waukulu, wotsika kapena wa ziro pokhapokha chitauzidwa, ndipo kusankha gulu ndi nkhani ya malamulo imene nthawi zina imafika mpaka ku khoti. Ku Britain zakudya zambiri, mabuku ndi zovala za ana zili pa mlingo wa ziro, magetsi ndi gasi za pakhomo komanso mipando ya ana ya m'galimoto zili pa 5 peresenti, pamene chakudya chotentha chogula kukadyera kwina chili pa 20 peresenti. Malire ake sakhala oongoka: keke ali pa ziro koma bisiketi wokutidwa ndi chokoleti ali pa mlingo waukulu, ndipo mu 1991 kampani ya McVitie's inapambana mlandu wotsimikiza kuti Jaffa Cakes ndi makeke. Magulu amasinthanso ndi nthawi, monga mabuku a pa intaneti amene anaikidwa pa ziro kuyambira pa 1 Meyi 2020, ndi fizi ya sukulu zoyima pazokha imene inayamba kulipiritsidwa VAT pa 1 Januwale 2025.

Ejenti akaona gawo lotchedwa `rate_category` lopanda malangizo, adzasankha gulu potengera nzeru zake, ndipo nthawi zambiri adzalondola, zomwe zimachititsa kuti tsiku limene walakwitsa pasakhale womukayikira. Lembani mawu ololedwa onse mu `enum`, mwachitsanzo `standard`, `reduced`, `zero` ndi `exempt`, ndipo pa lililonse perekani zitsanzo ziwiri kapena zitatu zosakayikitsa. Kenako nenani kuti chida sichisankha gulu, ndiponso kuti ngati ejenti wasankha gulu yekha, auze munthu kuti wasankha liti ndi chifukwa chake kuti munthuyo atsimikize.

Kusiyana kwa `zero` ndi `exempt` kulongosoledwe mwapadera, chifukwa zonse ziwiri zimapereka msonkho wa ziro pa invoisi ndipo ejenti akhoza kuziona ngati chinthu chimodzi. Wogulitsa katundu wa mlingo wa ziro ali m'kati mwa dongosolo la VAT ndipo amatha kubwezeredwa msonkho umene analipira pogula zipangizo zake, pamene wogulitsa zinthu zomasulidwa ku msonkho, monga inshuwaransi ndi ntchito zambiri za zachuma, kawirikawiri sabwezeredwa msonkho wokhudza malonda amenewo. Nambala ndi yofanana koma zolemba za m'mabuku n'zosiyana, choncho yankho la chida liyenera kusunga dzina la gulu ngakhale msonkho uli ziro.

Za dziko ndi mtundu wa ndalama sizifuna mawu ambiri. Gwiritsani ntchito zilembo ziwiri za ISO 3166 pa dziko ndi zilembo zitatu za ISO 4217 pa ndalama, n'kukumbutsa kuti Britain ndi `GB` osati `UK`, komanso kuti ngati chida chimafika ku maiko a European Union, Greece ndi `GR` pa ISO ngakhale manambala ake a VAT amayamba ndi `EL`. Nenani kuti dziko lofunidwa ndi limene msonkho wake ukugwira ntchito pa malondawo, lomwe si nthawi zonse limakhala dziko la wogulitsa. Ngati chida chanu sichidziwa malamulo a malonda odutsa malire, kuphatikizapo lamulo loti wogula ndiye alembe msonkho m'malo mwa wogulitsa, lembani zimenezi pamwamba penipeni.

Tizidutswa ta peni

Tiyerekeze kuti invoisi ili ndi zinthu zitatu, chilichonse cha mapeni 99 msonkho usanaikidwe. Msonkho wa chinthu chimodzi ndi mapeni 19.8, omwe akakwezedwa kufika pa peni yathunthu amakhala 20, ndipo zinthu zitatu zimapereka mapeni 60. Koma mukayamba mwaphatikiza mitengo n'kupeza mapaundi 2.97, msonkho wake ndi mapeni 59.4, omwe amatsikira pa 59. Kusiyana kwa peni imodzi kumaoneka kochepa, koma n'kokwanira kuti pulogalamu ya akaunti ikane invoisi. HMRC imalola kuti msonkho wonse wa pa invoisi utsitsidwe kufika pa peni yathunthu, ngakhale chilolezochi si cha ogulitsa m'masitolo kwa anthu wamba. Zilankhulo za makompyuta nazonso zimasiyana, pakuti `round(2.5)` mu Python imapereka 2 pamene `Math.round(2.5)` mu JavaScript imapereka 3.

Malongosoledwe anene njira imene chida chimatsata ndi malo amene chimadulira tizidutswato. Ngati chida chimalandira mzere umodzi pa nthawi, chenjezani kuti kuphatikiza mayankho a mizere ingapo kukhoza kusiyana ndi msonkho wa invoisi yonse. Njira yabwino koposa ndi kulola chida kulandira mizere yonse nthawi imodzi, kuti ejenti asamachite yekha masamu ophatikiza.

Yankho ndi mauthenga a zolakwika

Chida chisabweze nambala imodzi yokha. Chibweze mtengo wopanda msonkho, msonkho, mtengo wonse, mlingo umene wagwiritsidwa ntchito, gulu, tsiku limene mlingowo unayamba kugwira ntchito, ndi tsiku limene tebulo la milingo linakonzedwa komaliza. Ejenti akalandira zonsezi amatha kuuza munthu kuti wawerengera pa 20 peresenti potenga mtengo ngati wophatikiza msonkho, ndipo munthu amene amatanthauza zina amazindikira pomwepo. Model Context Protocol imalola kulongosola kamangidwe ka yankho kudzera pa `outputSchema`, komanso kuika chizindikiro cha `readOnlyHint` chosonyeza kuti chida chimangowerengera ndipo sichisintha kanthu kwina kulikonse, monga kutumiza lipoti ku bungwe la msonkho.

Mauthenga a zolakwika nawonso ndi gawo la malongosoledwe, chifukwa ejenti amawawerenga n'kusankha chochita chotsatira. Uthenga wongoti pempho n'lolakwika umamuchititsa kuyesa mosinthasintha manambala mpaka china chake chitadutsa, zomwe n'zoipa kuposa kulephera. Uthenga wabwino umatchula gawo lolakwika, mawu ololedwa, ndi chochita, mwachitsanzo kuti chida chilibe milingo ya tsiku lofunsidwalo ndipo ejenti auze munthu m'malo mosintha tsiku, kapena kuti dziko lofunsidwalo mulibe ndipo ejenti asagwiritse ntchito mlingo wa dziko loyandikana nalo. Bwezani uthengawo m'kati mwa yankho la chida ndi chizindikiro cha `isError`, kuti ufike kwa modelo m'malo mothera m'zolemba za seva zimene ejenti saziona.

Chitsanzo cha malongosoledwe

Malongosoledwe enieni amalembedwa m'chilankhulo chimene gulu lanu ndi modelo yanu zimagwiritsa ntchito, koma mfundo zake zikhoza kuyalidwa motere:

"Chida ichi chimawerengera msonkho wa VAT wa ku Britain pa malonda ochitika m'dziko momwemo kuyambira pa 4 Januwale 2011. Sichiwerengera msonkho wa kasitomu kapena malonda odutsa malire, sichisankha gulu la katundu, ndipo sichiona ngati wogulitsa analembetsa VAT. Chiitaneni pokhapokha mukudziwa ngati mtengo uli ndi msonkho kapena ayi, tsiku la malonda, ndi gulu la katundu. Ngati chimodzi mwa izi sichikudziwika, funsani munthu. Gwiritsani ntchito mlingo umene chida chabweza, ndipo poyankha tchulani mlingowo ndi gulu limene lasankhidwa."

Chiganizo chokhudza kulembetsa n'chofunika chifukwa ku Britain bizinesi imakakamizidwa kulembetsa VAT malonda ake akapitirira mapaundi 90,000 pa miyezi 12, malire amene anayamba pa 1 Epulo 2024, ndipo bizinesi yosalembetsa siyenera kulipiritsa VAT konse. Onaninso kuti ndimeyi ndi yaifupi. Malongosoledwe a zida zonse amalowa m'zimene modelo imawerenga pa kukambirana kulikonse, choncho mbiri ya chida ndi mawu ochitamandira zichotsedwe, ndipo tsatanetsatane wa gawo lililonse alembedwe pa gawo lomwelo mu `inputSchema`, pomwe ejenti amayang'ana pamene akudzaza.

Kuyesa

Malongosoledwe amayesedwa popatsa ejenti chida ndi mapempho enieni, n'kumayang'ana zimene watumiza kudzera pa `tools/call`, osati yankho lomaliza lokha, popeza yankho likhoza kulondola mwamwayi. Konzani mapempho osakwanira mwadala: lina losanena ngati mtengo uli ndi msonkho, lina lopanda tsiku, lina la bilu ya hotela ya mu Novembala 2021, lina la katundu wa gulu lokayikitsa, ndi lina la dziko limene chida sichidziwa. Pa pempho lililonse lembani pasadakhale khalidwe loyembekezeka, kaya ndi kuitana chida, kufunsa munthu, kapena kukana. Pempho lililonse liyesedwe kangapo komanso pa mamodelo oposa imodzi, chifukwa modelo yomweyo ikhoza kufunsa ulendo woyamba n'kungoganizira ulendo wachiwiri. Pamene ejenti walakwitsa, yambani mwafufuza mawu a malongosoledwe amene anamupatsa mpata, muwakonze, kenako muyesenso mapempho onse kuti muone ngati kukonzako sikunawononge pena.

Sungani malongosoledwe m'fayilo imodzi ndi khodi ya chida, kuti aliyense wosintha tebulo la milingo kapena wowonjezera dziko akumane nawo nthawi yomweyo, ndipo mapempho oyeserawo abwerezedwe pamene mlingo wasintha, pamene gawo latsopano lawonjezedwa, ndiponso pamene mwasamukira ku modelo yatsopano.